Mmene ndinakonzera malangizo athu Debian itasiya installer ya ma PC a 32-bit

Malangizo oikira pulogalamu yathu ankanenabe kuti "tsitsani Debian ya i386". Debian ndi mtundu wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo i386 ndi Debian ya ma PC akale a 32-bit. Mnzathu wina atayesa pa laputopu yake yakale, anapeza kuti Debian 13, yomwe inatuluka mu Ogasiti 2025, ilibenso installer (pulogalamu yoikira Debian pa kompyuta) ya i386. Poyamba ndinangosintha linki, koma anthu ankasokonezekabe.

Kenako ndinalemba grep -rn "i386" docs/, lamulo lofufuza mawu oti "i386" m'mafayilo a malangizo athu, ndipo mawuwo anapezeka m'mafayilo 7. Sindinafufute kalikonse, poti makina a 32-bit akadalipo. Ndinasamutsira zonse patsamba lapadera la Debian 12, yomwe ili ndi installer ya i386.

Chomwe chinathandiza kwambiri n'chakuti sitepe yoyamba tsopano ndi kulemba lscpu, lamulo loonetsa zambiri za purosesa (CPU) ya kompyuta. Mzere wa "CPU op-mode(s)" ukaonetsa 64-bit, munthu atenge amd64, yomwe ndi Debian ya ma PC a 64-bit. Tinapeza kuti laputopu ya mnzathu uja inali ya 64-bit kuyambira kalekale!