Mmene ndinapezera lipoti la polisi kuno ku Indiana, ku America

Anandithyolera galimoto usiku pakhomo pompano, ndimakhala kumudzi kwenikweni, minda ya chimanga mbali zonse, ndiye a inshuwalansi akuti tikufuna nambala ya mlandu ndi zomwe apolisi analemba. Ndinalemba kalata yotchula FOIA (Freedom of Information Act, lamulo lopemphera zikalata za boma), kutumiza kupolisi ya m'tauni, zii milungu iwiri.

Kumeneko ndinaphonya pawiri. FOIA ija ndi ya maofesi a boma la federal (boma lalikulu la dziko lonse) basi, kuno lamulo lake ndi Access to Public Records Act, komanso ukakhala kunja kwa malire a tauni nkhani yako ili kwa sheriff, mkulu wa apolisi a county (dera lonse lomwe tauniyo ilimo), ndipo amene anabwera usiku uja anali deputy, wapolisi wa sheriffyo.

Ndinalembanso imelo kwa sheriff, kuika tsiku, nthawi, dzina la msewu, nkunena mwatchutchutchu kuti ndikufuna daily log (kaundula wa tsiku ndi tsiku wa milandu yomwe apolisi alandira) ya tsikulo ndi zokhudza aliyense amene anamangidwa pa nkhaniyi. Mukangoti "zonse za mlandu wanga" atha kukana poti fayilo ya kafukufuku lamulo limawalola kusunga, koma log ija ndi dzina la womangidwa ndi mlandu wake sangabise. Pempho lolemba akuyenera kuyankha pasanathe masiku 7, akakana alembe chifukwa, ndipo kuli ofesi ya Public Access Counselor yokadandaulako.

Anayankha tsiku lachinayi, ndinalipira kandalama kochepa ka fotokope, nambala ija ndatumiza ku inshuwalansi dzulo ndipo mtima wakhala pansi.