Za kuyamwitsa zikambidwe mimba idakalipo

Amayi oyembekezera amene ndimacheza nawo pa sikelo kuno ku Blantyre, kaya ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa, ambiri yankho amalidziwa. Mukafunsa kuti mwana ayamwe mwakathithi kwa nthawi yaitali bwanji, onse amayankhira pamodzi: miyezi 6. Koma bwererani pakhomo mwanayo ali ndi miyezi iwiri, mupeza kabotolo ka gripe water pawindo, mwinanso kaphala kamadzimadzi kali pambaula. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana osakwana miyezi 6 oyamwa bere lokha anali 61 pa 100 alionse, kutsika kuchoka pa 71 mu 2010.

Ine ndimaona kuti timalangiza mayi yekha, pomwe mwana saleredwa ndi mayi yekha. Tsiku lochira, amene amakhala pambali ndi apongozi, agogo kapena achemwali. Iwowa ndiwo amanena kuti mkaka woyamba wachikasu uja ndi woipa, ufinyidwe. Choncho mayi, pitani nawo ku sikelo ngakhale kamodzi akadzimvere okha. Bambonso asathawe.

Mkaka wachikasuwo ndi katemera woyamba wa mwana. Umatuluka pang'ono, inde, koma kamimba ka khanda la tsiku limodzi nkochepa ngati nthudza. Mwana aikidwe pachifuwa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Uzani anamwino ndi okudikirirani zimenezi matenda asanayambe, poti nthawi imeneyo simudzakhala ndi mphamvu zokambirana.

Dandaulo lalikulu ndi lakuti "mkaka wanga sukukwana". Kawirikawiri vuto limakhala kagwiridwe ka bere. Onetsetsani: mimba ya mwana igunde mimba yanu, kukamwa ayasamule kwambiri, chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo chakuda cha bere chilowe chambiri mkamwa. Akamangoyamwa kansonga, inu mumva kuwawa, nsongayo ing'ambika, iye sakhuta. Ayamwe kosachepera ka 8 usana ndi usiku, ndipo atsirize bere limodzi musanamusinthe, chifukwa mkaka wamafuta wokhutitsa umabwera kumapeto. Bere likamayamwidwa kwambiri ndi pamene limapanganso wambiri. Mwana amene akunyowetsa matewera ka 6 patsiku ndipo sikelo ikukwera, akukhuta, ngakhale alire madzulo.

Nanga madzi, kutentha kwa Okutobala kuja? Ayi ndithu. Gawo lalikulu la mkaka wa m'mawere ndi madzi kale. Ludzu likhale lanu: imwani madzi, thobwa, idyani mokwanira. Madzi a pamjigo kapena a m'chidebe ndi amene amabweretsa kutsegula m'mimba. Mankhwala akumwa a liwombo nawonso asalowe mkamwa mwa khanda. Liwombo likalowa mkati, mwanayo watha madzi m'thupi, thamangirani kuchipatala.

Amene mumagulitsa mumsika wa Limbe kapena muli pantchito, masabata 8 a tchuthi cha uchembere sachedwa kutha. Phunzirani kufinya mkaka musanabwerere. Sambani m'manja ndi sopo, finyirani m'kapu yowiritsa yokhala ndi chivindikiro, muike pamalo pozizira. Nyengo yotentha usapitirire maola 4 ngati mulibe firiji. Wotsala ndi mwana amumwetse ndi kapu, osati botolo, poti mabotolo savuta kusunga tizilombo.

Kwa amayi omwe ali ndi HIV, kuyambira 2011 dziko lino limayambitsa ma ARV a moyo wonse mayi akangopezeka nako ali woyembekezera kapena akuyamwitsa. Imwani tsiku lililonse, yamwitsani mwakathithi, mwana alandire mankhwala ake ndi kuyezedwa pa masabata 6. Choopsa ndi kusakaniza bere ndi phala kapena madzi miyezi 6 isanakwane. Ikakwana, yambani phala lothira nsinjiro, bere likupitirira mpaka zaka 2.