Kusamalira nkhuku zopuma pa ntchito ya mazira zikangofika pakhomo

Aliyense amene amayenda m'misika ya Limbe, Ndirande kapena Chirimba amazidziwa nkhuku zofiirira zimene zimabwera zambiri nthawi imodzi, zothothoka nthenga m'khosi ndi kumsana, zimene ogulitsa amazitchula kuti maleyazi. Zimachokera ku mafamu akuluakulu a mazira, ndipo anthu ambiri amazigulira ndiwo basi. Komatu nkhukuzi zimakhala zisanakalambe. Za mtundu wa Hy-Line Brown kapena Lohmann Brown zimayamba kuikira zili ndi masabata 18 mpaka 20, zimatha kuikira mazira pafupifupi 300 m'chaka choyamba, ndipo eni mafamu amazigulitsa zikafika masabata 72 mpaka 80, osati chifukwa chakuti zaleka kuikira, koma chifukwa mazira ayamba kuchepa moti sakubwezanso bwino ndalama ya chakudya. Pakhomo pa munthu wofuna mazira a banja lake, thadzi lotere likhoza kukhalabe ndi moyo zaka zina ziwiri kapena zitatu, likuikira ndithu, ngati lilandiridwa moyenera.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi poganiza kuti nkhuku ndi nkhuku, ndipo tikangofika nazo timazimasula pabwalo n'kuziwazira madeya ngati mmene timachitira ndi zachikuda. Nkhuku imene yakhala chaka chathunthu m'kachipinda ka waya, pa malo osaposa kukula kwa pepala la A4, sinapondepo dothi, sinaonepo mvula, sidziwa kupalasa, ndipo sidziwa kuti kabawi ndi mdani. Kuipatsa ufulu wonse tsiku limodzi, ngakhale ndi mtima wabwino, ndi kuiika pangozi. Malangizo onse amene ndikupereka pano akuchokera pa mfundo imodzi, yakuti musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo nkhuku ikachizolowera ndiye musinthe china.

Chisamaliro chimayambira pogula. Funsani ngati nkhukuzo zimakhala m'tizipinda ta waya kapena pansi pa utuchi, chifukwa mafamu ena kuno amaweta pansi, ndipo nkhuku zotero sizivuta kwambiri kuzolowera. Funsaninso chakudya chimene zimadya komanso nthawi imene zinalandira katemera wa chitopa komaliza. Ngati n'kotheka, gulani ku famu kwenikweniko osati pamsika, pamene zakhala zitasakanizana ndi nkhuku zochokera kwina ndi kwina. Musaope kuthothoka kwa nthenga kapena kuyera kwa lipombo, kanyama ka pamutu kaja, kamene pa nkhuku za m'nyumba kamakhala kakakulu, kotuwa ndi kogwera mbali imodzi, zimenezo zimasintha. Chimene muyenera kuchipewa ndi nkhuku yoodzera, yotuluka mamina kapena misozi, yopuma mokoka, ya zitosi zobiriwira zomatirira kumbuyo, kapena ya mimba yotupa ngati muli madzi. Gulani zosachepera zitatu, chifukwa nkhuku imene yakulira pagulu ikatsala yokha imasowa mtendere.

Ndikupempha kwambiri kuti musazinyamule mozondotsa, zitamangidwa miyendo pa chiwongolero cha njinga, monga mmene timaonera tsiku ndi tsiku mumsewu. Chikhokhombe cha dzira limodzi chimafuna pafupifupi magalamu 2 a kashiyamu, ndipo nkhuku yoikira tsiku ndi tsiku imatenga gawo lina la mchere umenewu m'mafupa ake omwe. Powonjezera apo, yakhala yosayenda kwa chaka, choncho mafupa a miyendo, mapiko ndi pachifuwa amakhala ofooka moti amathyoka msanga. Igwireni ndi manja awiri, mapiko ali opanikizidwa pang'ono ku thupi, ndipo muiike m'katoni kapena m'dengu loboola mokwanira, loyalidwa udzu pansi. Yendani nazo m'mawa kapena madzulo, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene kutentha kokha kukhoza kupha nkhuku m'galimoto.

Khola likhale litakonzedwa nkhuku zisanafike, ndipo likhale lapadera, kutali ndi nkhuku zina zonse zimene muli nazo, kwa masabata osachepera atatu. Khola lam'mwamba lokwera pa makwerero, limene zachikuda zimalikonda, silingathandize pano, chifukwa nkhukuzi sizingakwere ndipo zikagwa zivulala. Zimafuna chipinda cha pansi, chouma, chosadontha, cholowa mpweya kumwamba koma chosawomba mphepo pamene zikugona, ndipo pa sikweya mita imodzi pasakhale nkhuku zoposa zitatu. Pansi yalani utuchi wa matabwa umene amisiri a mipando amakhala nawo wambiri, kapena mankhusu a mpunga, kapena udzu wouma, wokwanira kubisa dzanja. Mtengo wogonapo musafulumire nawo. Masabata oyamba zigone pansi, ndipo pamene mudzauika usapitirire masentimita 30 kuchokera pansi. Tsekani mabowo onse amene likongwe kapena khoswe angalowerepo, ndipo m'nyengo ya mvula muziwaza phulusa mozungulira khola kuti linthumbu lisalowe.

Masiku awiri kapena atatu oyamba zisiyeni m'chipindamo osazitulutsa, ndipo ana muwauze kuti aziziyang'ana chapatali. Zimene ndinaona ndi nkhuku zinayi zoyamba zimene ndinatenga sindidzaziiwala. Nditaziika pansi, zinangoima pamene ndinaziikapo, makosi ali m'mwamba, kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo imodzi itayesa kuyenda inkanyamula mwendo m'mwamba kwambiri n'kuuponda mosamala ngati munthu woyenda m'madzi, chifukwa phazi lake linkangodziwa waya. Mbale ya madzi inali pomwepo koma palibe imene inamwa, popeza kumene zinachokera zinkamwa pojompha timipopi tating'ono. Ndinachita kugwira iliyonse n'kuviika nsonga ya mlomo wake m'madzi, osafikitsa pamphuno, ndipo imodzi itameza n'kuyang'ana kumwamba, zinazo zinatengera pomwepo. Chitani chimodzimodzi, ndipo usiku woyamba mugwire chithokomiro cha iliyonse, kathumba ka m'munsi mwa khosi, kuti mudziwe ngati yadya. Madzulo chiyenera kukhala chodzaza, m'mawa chikhale chopanda kanthu.

Nkhani ya chakudya ndi imene ndikufuna kuikhalira pansi, chifukwa ndi pamene nkhuku zambiri zimathera. Moyo wake wonse nkhuku yotere yadya layers mash, chakudya chimene chimakhala ndi zomanga thupi pafupifupi 16 kapena 17 pa 100 alionse, ndi kashiyamu pafupifupi 4 pa 100. Madeya paokha safika pamenepo ngakhale pang'ono, makamaka pa kashiyamu. Thupi la nkhukuyi silisiya msanga kupanga mazira ngakhale chakudya chitachepa mphamvu, choncho imapitiriza kudzidya yokha: mazira amayamba kutuluka ofewa, miyendo imalefuka, ndipo tsiku lina mumaipeza itakhala pansi osatha kudzuka. N'chifukwa chake mwezi woyamba wonse muyenera kuipatsa layers mash, magalamu 110 mpaka 120 pa nkhuku iliyonse pa tsiku, kutanthauza kuti nkhuku zinayi zimadya pafupifupi theka la kilogalamu. Werengerani zimenezi musanagule nkhuku, pakuti thumba la chakudya ndi lokwera mtengo, ndipo ndi bwino kusunga zitatu zodya mokwanira kusiyana ndi khumi zanjala.

Milomo yake imakhala yodulidwa nsonga kuyambira zili anapiye, pofuna kuti zisamajomphane, ndipo chifukwa cha ichi zimavutika kutola chakudya pamalo olimba. Ikani chakudya m'chodyera chakuya, osati pa lichero kapena pa simenti, ndipo ngati ilipo imene ikulephera, nyowetsani chakudya chake ndi madzi pang'ono, koma chotsala muzichotsa chisanasase. Mwezi ukatha mukhoza kuyamba kuwonjezera pang'onopang'ono zapakhomo, monga madeya osakaniza ndi soya wokazinga ndi kugaya, nyenyeswa za usipa kapena bonya zopanda mchere wambiri, chiswe ndi ngumbi, masamba a mpiru, chisoso ndi bonongwe. Soya wosakazinga musazipatse, chifukwa amasokoneza kugaya chakudya m'mimba. Musanayambe kuzipatsa masamba ndi chimanga chosagaya, ikani mbale ya timiyala ting'onoting'ono ndi mchenga wokhakhala, popeza nthutumba imagaya ndi miyala, ndipo nkhuku ya m'waya nthawi zambiri imakhala isanamezepo mwala. Udzu wautali upeweni poyamba, chifukwa umapotana m'chithokomiro n'kutseka njira. Zikhokhombe za mazira musataye. Ziumitseni pamoto, muzisinje bwino kuti zisaoneke ngati dzira, ndipo muziike m'kambale kapadera kuti yofuna izidzitengera. Madzi akhale oyera tsiku lonse ndiponso pamthunzi. Nkhuku imodzi imamwa pafupifupi kota ya lita pa tsiku, ndipo kukatentha imatha kumwa kuwirikiza kawiri.

Pakatha masiku atatu kapena anayi, tsegulani chitseko chakumadzulo, kutatsala ola limodzi kuti kude, kuti zitulukire pa kabwalo kotchingidwa ndi waya kapena mpanda wa bango. Musazikankhe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ina imatha masiku angapo ikungosuzumira pakhomo. Sizidziwa kubwerera zokha kukada, choncho madzulo angapo oyamba muzizinyamula n'kuzilowetsa, mpaka zitazindikira kuti kogona ndi kumeneko. Sizidziwanso kuthawa mvula, ndipo zimangoima pamvula mpaka kunyoweratu. Kuno ku Blantyre zimenezi n'zoopsa kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza yozizira, pakuti nkhuku yopanda nthenga ikanyowa pa mphepo yotero imafa ndi kuzizira. Masiku otere zitsekereni m'kati, muwonjezere udzu, ndipo mbali yochokera mphepo muitchinge ndi masaka. M'chilimwe vuto limatembenuka, khungu la pamsana limapsa ndi dzuwa, choncho pabwalo pakhale mthunzi weniweni.

Pakona pena pouma thirani dothi lofewa losakaniza ndi mchenga ndi phulusa la nkhuni. Tsiku limene mudzaone nkhuku yanu itagona cham'mbali m'fumbimo, ikudziwaza dothi ndi phiko, maso ali otsinzina, musadzaganize kuti yadwala. Ikusamba, mwina koyamba chibadwire, ndipo kusamba kumeneku kumathandiza kuchepetsa nsabwe ndi utitiri. Zikhadabo zimene zinakula motalika pa waya zimaperepeseka zokha ikayamba kupalasa; ngati china chapindika moti chikuilepheretsa kuyenda, dulani kansonga kokha, osafika pamene pali magazi.

Zikapeza mphamvu zimayamba kujomphana pofuna kudziwa wamkulu ndani, ndipo izi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Ikani zodyera ndi zomwera ziwiri motalikirana kuti yofooka isamanidwe. Mukaona magazi, chotsani yovulalayo nthawi yomweyo, mutsuke bala ndi madzi a mchere pang'ono, ndipo isabwerere mpaka litauma, chifukwa nkhuku zikaona kufiira sizileka kujompha. Tambala asayandikire mpaka nthenga za kumsana zitamera, pakuti zikhadabo zake zimang'amba khungu ndipo kulemera kwake kukhoza kuthyola fupa. Pamene nthenga zatsopano zikutuluka ngati timinga takuda, musamazigwiregwire, chifukwa zimamva kupweteka. Nthenga zimapangidwa ndi zomanga thupi, n'chifukwa chake nkhuku zambiri zimayamba zasiya kuikira pamene zikumera nthenga, ndipo zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zivale bwino. Musazione ngati zakugwiritsani mwala. Kumbukiraninso kuti ku famu zimayatsiridwa magetsi kuti kuwala kukwane maola pafupifupi 16, pamene kuno usana umatalika maola 11 mpaka 13 okha, choncho mazira sadzachuluka ngati kale. Ine sindilimbikitsa kuziyatsira magetsi, chifukwa thupi lake likufunika kupuma.

Poyamba zimaikira paliponse, ngakhale zikuyenda. Ikani katoni kapena dengu la udzu pamalo a mdima pang'ono, chisa chimodzi pa nkhuku zinayi, ndipo musiyemo dzira lophika lolembedwa chizindikiro kuti ziphunzire. Tolani mazira kawiri pa tsiku kuti zisayambe kuwaswa ndi kumwa. Nkhuku za mitundu imeneyi kawirikawiri sizifungatira, ndiye wofuna anapiye adalire thadzi lachikuda.

Za matenda, chitopa ndiye mdani wamkulu, makamaka m'miyezi yotentha, ndipo katemera amene zinalandira ku famu sakhala mpaka kalekale. Katemera wa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso, amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo alangizi a ziweto a m'dera lanu angakuuzeni kumene akupezeka ndi nthawi yoyenera. Temerani nkhuku zonse za pakhomo tsiku limodzi, koma zodwala musazitemere. Zikayamba kuyenda pa dothi zimakumana ndi njoka za m'mimba zimene sizinakumane nazo pa waya, choncho funsani za mankhwala ake, ndipo pa mankhwala alionse mufunse masiku amene simuyenera kudya mazira. Usiku muziyang'ana ndi tochi pansi pa mapiko, kumbuyo ndi m'ming'alu ya khola ngati muli tizilombo.

Pali mavuto awiri amene amakonda nkhuku zimene zaikira kwambiri. Loyamba ndi kutuluka kwa njira ya dzira kumbuyo, kooneka ngati nyama yofiira. Ipatuleni msanga zinzake zisanaione, mutsuke ndi madzi ofunda, muiike pamalo a mdima, ndipo muitane mlangizi. Lachiwiri ndi kutupa kwa mimba, pamene nkhuku imaima chilili mchira uli pansi, ikuyenda motangadza ndi kupuma movutikira. Limeneli nthawi zambiri silichira, ndipo ngati wodziwa za ziweto waiona n'kunena kuti palibe chochita, musaisiye ikuvutika masiku ambiri. Iphedwe mwachangu, ikwiriridwe mozama kumene agalu sangafukule, ndipo nyama yake isadyedwe.

Masabata atatu akatha popanda chizindikiro cha matenda, mukhoza kuyamba kuziphatikiza ndi nkhuku zanu zakale. Ziyambe zaonana kudzera pa waya kwa sabata imodzi, kenako muzitulutsire pamodzi chakumadzulo inu muli pomwepo, pa bwalo lotakasuka lokhala ndi pobisala. Zachikuda ndi za Mikolongwe zimakhala zamphamvu ndi zaliwiro kuposa alendowa, choncho pitirizani kuzigoneka padera ndi kuzidyetsa layers mash pazokha m'mawa uliwonse, mpaka mutaona kuti lipombo lafiira, nthenga zatseka msana, ndipo zikumva zinzake zikalira kuchenjeza za kabawi n'kuthamangira pansi pa chitsamba.