Amiodarone: zomwe kapepala ka m'bokosi kakunena

Amalume anabwera kuno ku Nkhotakota kuchokera ku Chipata atanyamula bokosi la amiodarone 200 mg, kapepala ka mkati ndi Chizungu chokhachokha, ndiye tinakhala pakhonde ndikuwamasulira. Ndati ndilembenso pano kuti abale a ku Zambia amene mukumwa omwewa muwerenge.

Awa ndi mankhwala a mtima wogunda mosokonekera, wothamanga kapena wodumphadumpha. Mtima umayenda ndi magetsi akeake. Selo iliyonse ili ndi timakomo, sodiyamu ndi kashiamu zikalowa mtima umafinya, kenako potaziyamu amatulukira pa timakomo take kuti selo ibwerere mwakale idikire kugunda kwina. Amiodarone amatseka tina mwa timakomo ta potaziyamu timeneti, ndiye selo imachedwa kukonzeka, moti magetsi osochera akafika amapeza pakhomo potseka, sangayambitse chipwirikiti. Koma kuchedwako kukanyanya ndiye ngozi, pa ECG, makina oyeza magetsi a mtima, adokotala amati QT yatalika, ndipo mtima utha kuthamanga moti munthu nkugwa pompo.

Kamwedwe, kapepala kakuti nthawi zambiri piritsi limodzi katatu pa tsiku kwa sabata imodzi, kawiri pa tsiku sabata yachiwiri, kenako limodzi pa tsiku. Koma tsatani zomwe anakulemberani adokotala anu. Mukaiwala musamwe awiri kuti mubweze, ndipo musasiye nokha chifukwa choti mukumva bwino.

Apa ndiye ndinawabwerezera amalume kangapo, chifukwa kuno kunyanja malungo sasowa. Kwinini, komanso Coartem amene kuno timati LA, nawonso amatalikitsa QT yomweyo, chimodzimodzi erythromycin, mankhwala opha mabakiteriya. Ndiye musangothamangira kufamase kukagula, chonde, nenani kaye kuti ine ndimamwa amiodarone. Olo munasiya mwezi watha nenanibe, mankhwalawa amakhalitsa m'thupi mpaka miyezi. Amene muli pa warfarin kapena digoxin, adokotala adziwe kuti asinthe mulingo. Kutsegula m'mimba, kusanza ndi mapiritsi okodzetsa ngati furosemide zimatsitsa potaziyamu m'magazi, ndipo akatsika ngozi ija imayandikira.

Manyumwa ndi juwisi wake ayi. Dzuwa nalo lipeweni, khungu limapsa msanga, ndipo dzuwa la Nkhotakota amalume analimva tsiku loyamba lomwe, pano sayenda opanda chipewa ndi malaya a mikono yayitali.

Muli ayodini wambiri m'mankhwalawa, ndiye kuyezetsa magazi a chithokomiro ndi chiwindi miyezi 6 iliyonse. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa auze adokotala asanayambe.

Mukakomoka, chizungulire chikakugwirani, chifuwa chouma chosatha, befu, maso achikasu kapena kuona mwachimbuuzi, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala ndipo bokosilo mulitenge.