M'bale akamapita kunja kwa dziko: zoyenera kuchita kuti musatayane

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana wake ku Joni, ku Mozambique kapena kudziko lina lakutali. Maulendowa si achilendo, chifukwa agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA, ndipo amene ankakhalitsa osalemba ngakhale kalata ankatchedwa matchona. Masiku ano foni zili ponseponse, komabe anthu akutchonabe. Zimene ndakhala ndikuona n'zakuti nthawi zambiri kutayana sikuyamba ndi nkhanza za munthu: kumayamba ndi foni yobedwa m'basi, nambala imene palibe adailemba, kapena manyazi a munthu amene ntchito sinamupezekere. Zambiri mwa izi zimapeweka, bola mukonzekere wapaulendoyo asananyamuke.

Choyamba, lembani zonse papepala

Gulani kope laling'ono loti lizikhala pakhomo, ndipo wapaulendo akhale ndi pepala lakelake lomwe asunge kosiyana ndi foni. Papepala la wapaulendo mulembepo manambala a anthu osachepera atatu akumudzi, ndipo muwalembe momwe amaimbidwira munthu ali kunja: muchotse 0 woyambirira n'kuikapo +265. Nambala yoyamba ndi 099 ikhala +265 99, yoyamba ndi 088 ikhala +265 88, kenako manambala otsalawo. Manambala awiri mwa amenewa awaloweze pamtima, popeza pepala nalo limatha kusowa pamodzi ndi chikwama.

M'kope la pakhomo mulembemo dzina la wapaulendo monga lilili m'pasipoti, nambala ya pasipotiyo, kampani ya basi, tsiku lonyamukira, ndiponso dzina ndi nambala ya munthu amene akamulandire. Manambala a ku South Africa amayamba ndi +27, a ku Mozambique +258, a ku Tanzania +255, a ku United Kingdom +44. Apa ndikupemphani kuti musakhutire ndi yankho loti "ndikupita ku Joni". Ife timatchula dziko lonse la South Africa kuti Joni, pamene kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Cape Town ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Funsani mzinda, dera, ndipo akafika akuuzeni msewu ndi tchalitchi kapena mzikiti umene akupempherako. Tsiku la mavuto, zimenezi n'zimene wofufuza amayambira.

Chachiwiri, konzani WhatsApp mukadali limodzi

WhatsApp imapitiriza kugwira ntchito pa nambala ya ku Malawi ngakhale munthu ataika simukhadi ya dziko lina, bola foniyo ikhale ndi intaneti. Vuto limabwera foni ikatayika kapena ikawonongeka, chifukwa potsegula WhatsApp mufoni yatsopano, nambala yachinsinsi imatumizidwa ku simukhadi yakale ija. Komanso simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo nambalayo imatha kuperekedwa kwa munthu wina. Choncho wapaulendo akangopeza nambala yokhazikika kumene wapitako, alowe pa Settings, kenako Account, asankhe Change number. Akatero macheza ake ndi magulu onse amasamukira ku nambala yatsopano, ndipo akhoza kusankha kuti anthu ake adziwitsidwe.

Pamalo omwewo pali Two-step verification, pomwe munthu amaika manambala 6 achinsinsi odziwa yekha. Nonse awiri, wopita ndi wotsala, muike zimenezi tsiku limodzi, ndipo mugwirizane kuti nambala iliyonse yachinsinsi imene yabwera pa foni siuzidwa kwa munthu, ngakhale wopemphayo atanena kuti ndi m'bale.

Chachitatu, dziwani masiku oyamba momwe amakhalira

Basi yochokera ku Blantyre imatulukira pa chipata cha Mwanza, kulowa ku Zobue, kudutsa Tete, kukalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare mpaka Beitbridge, ndipo ulendo wonse umatenga pafupifupi masiku awiri, kapena kuposerapo pazipata pakakhala mizere. Panjira yonseyi simukhadi ya kuno siigwira pokhapokha itatsegulidwa kuti izigwira kunja, ndipo kuimba mwanjira imeneyo kumadya mayunitsi kwambiri. Ndiye gwirizanani kuti uthenga womaliza ubwera ali pa Mwanza, wotsatira ubwera atafika, kudzera pa foni ya womulandira. Mukadziwiratu zimenezi, simugona ndi nkhawa usiku woyamba. Ku South Africa simukhadi imayenera kulembetsedwa motsatira lamulo lotchedwa RICA, lomwe limafuna chiphaso ndi umboni wa kumene munthu akukhala, choncho nambala yakeyake ikhoza kuchedwa masiku angapo.

Amene amakhala cha ku Muloza ndi Limbuli ayang'anenso dzina la netiweki pa foni asanaimbe, popeza kufupi ndi malire foni nthawi zina imagwira netiweki ya tsidya lina.

Chachinayi, sankhani tsiku ndi ola lolankhulana

Mawu oti "tiziimbirana" sathandiza. Tchulani tsiku, mwachitsanzo Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, chifukwa m'kati mwa sabata wothyola tiyi amakhala ali m'munda kuyambira m'mamawa, ndipo wa kunjayo mwina saloledwa kugwira foni pantchito. Tsiku lodziwika limathandiza akumudzi kutchajiratu foni, kugula bandulo ndi kupita pamalo pomwe netiweki imagwira bwino, poti m'midzi ina ya m'munsi mwa phiri ndi ya m'zigwa za ku Thekerani aliyense amadziwa chulu kapena mtengo umene amaimapo akafuna kulankhula.

Nthawi ya ku South Africa, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe ndi yofanana ndi yathu. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi, Dubai ndi Oman ndi maola awiri, China ndi maola 6. London imakhala m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi inayo ndi maola awiri. Dziwaninso kuti ku Dubai mauthenga a WhatsApp amayenda koma kuimba kumatsekedwa, ndipo ku China WhatsApp ndi Facebook n'zotsekedwa, anthu amagwiritsa ntchito WeChat. Wopita kumayiko amenewa akonze njira ina asananyamuke.

Netiweki ikamavuta, siyani kukakamira kuimba koonana nkhope. Tumizani uthenga wa mawu, womwe umadikira mufoni mpaka netiweki itabwera, sudya bandulo kwambiri, ndipo wosadziwa kuwerenga amaumva bwinobwino.

Chachisanu, makolo azimva okha mawu a mwana wawo

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Foni yaikulu imakhala ndi mdzukulu kapena mlongo mmodzi, ndipo nkhani zonse zimadutsa kwa iye, mpaka amayi a munthuyo amangouzidwa kuti "akupereka moni". Kwathu kuli mayi wina wachikulire amene mwana wake ali ku Durban. Lamulungu lililonse mdzukulu wake amabwera ndi foni, iwo amakhala pamphasa pakhonde, amaigwira ndi manja awiri pafupi ndi khutu, ndipo uthenga wa mphindi imodzi amaumvetsera katatu. Akamaliza amayankha okha: amanena za nandolo, za mbuzi imene yaswa, za amene wamwalira m'mudzi, kenako amafunsa kuti, "Kodi mukudya mokwanira kumeneko, bambo?" Mwanayo sadadumphepo sabata osatumiza mawu, ndipo ine ndimakhulupirira kuti chimene chimamukoka ndi funso limenelo.

Gulu la banja la pa WhatsApp ndi lothandiza pa nkhani za maliro, matenda ndi maukwati, ndipo ndi bwino kuti malume kapena mwinimbumba akhalemo. Koma nkhani za mkazi ndi mwamuna wake, kapena za ngongole, zisalowe m'gulu.

Chachisanu n'chimodzi, siyanitsani moni ndi nkhani za ndalama

Munthu amene foni iliyonse yochokera kumudzi imamuuza za feteleza, fizi ndi malata, amayamba kuopa kuyankha, makamaka mwezi umene sanapate kanthu. Ambiri amene timawanena kuti atchona adayamba ndi kuzemba foni imodzi chifukwa cha manyazi. Muuzeni momveka asananyamuke kuti aziimba ngakhale alibe choti atumize, ndipo inunso nthawi zina muziimba kungofuna kumva za moyo wake. Nkhani za ndalama zikhale ndi munthu mmodzi wodziwika ndi tsiku lake, ndipo ndalamazo zizidutsa njira zokhala ndi umboni monga Mukuru, Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, wolandira n'kutumiza chithunzi cha lisiti kapena cha chimene chagulidwa.

Akathyali amadziwa kuti mabanja oterewa amakhala ndi nkhawa. Mukalandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo woti m'bale wanu wamangidwa, wagonekedwa m'chipatala kapena katundu wake wagwidwa pachipata, musatumize ndalama musanamve mawu ake kapena kulankhula ndi munthu uja mudamulemba m'kope. Mufunseni wolembayo chinthu chimene mlendo sangadziwe, monga dzina limene agogo ankamuitanira. Kwa amene akupita kukagwira ntchito zapakhomo kumayiko a Aluya, gwirizananinso mawu achinsinsi osonyeza kuti zinthu sizili bwino, chifukwa nkhani za amayi a ku Malawi amene adazunzika ku Oman zidaonetsa kuti wantchito amatha kulandidwa pasipoti ndi foni, kapena kulankhula bwana ali pambali.

Kukakhala zii

Tsiku lolankhulana likadutsa kawiri popanda uthenga, tsegulani kope lija. Yambani ndi amene adamulandira, kenako anthu a m'mudzi mwanu amene ali mumzinda womwewo, atsogoleri a kumene amapemphera, ndi matilansipota amene amanyamula katundu pakati pa Joni ndi kuno, poti amadziwa anthu ambiri. Zikakanika, pitani ku maofesi a boma. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg, ndipo kuno kwathu nkhani zotere zimapita ku Unduna Woona za Ubale wa Dziko Lino ndi Mayiko Ena ku Lilongwe. Anthu ogwidwa chifukwa chosowa mapepala ku South Africa kawirikawiri amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo, ndipo pofufuza kumeneko pamafunika dzina lenileni la m'pasipoti, osati dzina lapakhomo. Bungwe la Malawi Red Cross Society nalonso lili ndi ntchito yolumikizitsa achibale amene atayana.

Kumbukirani kuti zii amatha kuchokeranso mbali yathu. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Marichi 2023, magetsi, misewu ndi netiweki zidaduka m'madera ambiri a Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ndipo ana athu amene adali kunja ankaona zithunzi za madzi osefukira popanda woti awauze ngati makolo awo ali moyo. Pachifukwa chimenechi, pa manambala atatu aja pakhale imodzi ya m'bale wokhala kutali ndi mudzi wanu, kaya ku Limbe, ku Zomba kapena ku Lilongwe, ndipo akumudzi adziwe kuti pakagwa zovuta, woyamba kupeza netiweki aziuza m'bale ameneyo, iye n'kudziwitsa amene ali kunja.