Digiri ya Biology: zimene muyenera kukhoza kuyambira Folomu 3 mpaka chaka chomaliza

Wophunzira wa ku Kasungu amene akulakalaka digiri ya Biology ayambe kukonzekera ali Folomu 3, pa nthawi yosankha maphunziro. Ambiri amaika mtima wonse pa Biology yeniyeniyo n'kumazemba Chemistry ndi Masamu, chonsecho maphunziro awiriwa ndi amene amatsekera anthu khomo lolowera, ndipo amagwetsanso ena amene alowa kale.

Kuti muganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi 1 mpaka 6. Giredi 7 ndi 8 ndi kukhoza ndithu, koma pa nkhani iyi siziwerengedwa. Pa maphunziro a sayansi amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, motero mapointi okongola ochokera ku Chichewa, Agriculture ndi Bible Knowledge sangakupulumutseni ngati Masamu munapeza 7. Ngati sukulu yanu ilibe labotale, pemphani aphunzitsi akonze zoti mukayeserere ku sekondale yoyandikana nayo, manja azolowere zipangizo mayeso asanafike.

Kusankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi makoleji. Werengani chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zake. Biology yeniyeni ili ku UNIMA ku Zomba. LUANAR ku Bunda yagona pa mbewu, ziweto ndi nsomba, MUST ku Thyolo ili ndi za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo wofuna uphunzitsi wa sayansi aganizirenso Mzuni. Ngongole ya fizi ya ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, imafunsiridwa payokha, sibwera yokha chifukwa choti dzina latuluka.

Digiri imatenga zaka 4, masemesita awiri pa chaka. Chaka choyamba Biology imakhala gawo limodzi chabe pambali pa Chemistry, Physics, Masamu ndi luso lolemba Chingerezi cha sayansi. Kuyambira chaka chachiwiri mumalowa mu cell biology, genetics, microbiology, biochemistry, ecology, kagwiridwe ntchito ka thupi la nyama ndi zomera, komanso biostatistics. Mayina a makosi amasiyana pa sukulu ndi sukulu, koma kulumikizana kwake n'kumodzi. Biochemistry simungaimve musanagwire organic chemistry. Genetics imafuna masamu: mukawerenga nthanga n'kupeza chiwerengero choyandikira 9:3:3:1, ndi chi-square, njira ya masamu yoyerekeza zimene mwapeza ndi zimene mumayembekezera, imene ingakuuzeni ngati kusiyanako kwangochitika mwamwayi. Kosi imodzi ya chaka choyamba ikakukanikani mpaka sapu (mayeso obwereza) yomwe, imakutsekerani makosi ena a patsogolo. Malikisi a mayeso a m'kati mwa semesita ndi malipoti a ku labotale amaphatikizidwa pa zotsatira zomaliza, ndiye musamadikire sabata yomaliza.

Ku labotale ndi kumene oloweza pamtima amaonekera ng'amba. Tiyerekeze mwauzidwa kukonza mamililita 500 a madzi a mchere wa sodium chloride wa 0.1 M, kutanthauza mamolo 0.1 pa lita imodzi. Molo imodzi ya mcherewu imalemera magalamu 58.44, choncho muyeza magalamu 2.92. Sungunulani m'madzi ochepa kaye, kenako muwonjezere madzi mpaka pa mzere wa botolo, diso lili molingana ndi mzerewo. Mukayamba ndi kudzaza madzi 500 n'kuthiramo mchere pambuyo, muyeso wapitirira. Pochepetsa mphamvu gwiritsani ntchito C1V1 = C2V2, pamene C ndi mphamvu ndipo V ndi kuchuluka kwa madziwo: kuchokera pa 1 M, mamililita 10 owonjezeredwa madzi mpaka 100 amakupatsani 0.1 M.

Pa maikulosikopu yambani ndi galasi la mphamvu yochepa. La kudiso la 10 ndi la pansi la 40 zimakuza chinthu ka 400. Mukafika pa 40 siyani chopotokola chachikulu, gwirani chaching'ono chokha, apo ayi galasi liphwanya silaidi. La 100 limafuna kadontho ka mafuta ake apadera. Gram stain, njira yopaka mabakiteriya utoto kuti muwasiyanitse, nayo ili ndi msampha wake. Crystal violet mphindi imodzi, iodine mphindi imodzi, alcohol masekondi 10 kapena 15 basi, kenako safranin. Alcohol ikakhalitsa, mabakiteriya oyenera kuoneka apepo amasanduka apinki, lipoti lonse n'kukhala bodza. Zolerera mabakiteriya zimaphikidwa mu autoclave, mphika wa nthunzi wophera tizilombo, pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Zikapereweza, mbale zimamera nkhungu ndi zina zimene simunadzale. Lembani zonse mu kope nthawi yomweyo, ndi zolakwika zomwe. Manambala okonza kuchipinda madzulo aphunzitsi amawazindikira msanga.

Chaka chachinayi pamakhala kafukufuku wanuwanu, ndipo apa mwana wa ku Kasungu ali ndi mwayi chifukwa mafunso ali pakhomo: kaufiti m'minda ya chimanga, ntchemberezandonda, kashembe wofalitsa kaodzera m'midzi yozungulira paki, mitengo ya miombo, nsomba za mu Bua. Kutenga chilichonse mu Kasungu National Park, kumene anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kafukufuku wokhudza anthu kapena magazi awo amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa. Zilolezo zimachedwa, ndiye wopanda ndalama ndi nthawi asankhe za kumunda.

Tengani chitsanzo cha soya. Mukufuna kudziwa ngati inokulanti, mabakiteriya amene amapakidwa ku mbewu musanadzale, imachulukitsa timibulu ta kumizu timene timakoka nayitrojeni mu mpweya. Ndime imodzi yothira ndi imodzi yosathira si kafukufuku ayi, chifukwa ina ikhoza kukhala pafupi ndi chulu pamene nthaka ndi yachonde kale. Konzani ndime zinayi zothira ndi zinayi zosathira, ndipo malo ake musankhe mwa maere. Soya akayamba maluwa kumbani ndi khasu mozungulira phando, osazula ndi manja, chifukwa timibulu timathothokera m'dothi. Tsukani mizu m'beseni, werengani, kenako dulani ena pakati ndi lumo. M'kati mukakhala mofiirira ndiye kuti tikugwira ntchito. Toyera kapena tobiriwira palibe chimene tikuchita. Mbewu imadzalidwa ndi mvula ya Disembala pamene kalendala ya yunivesite siyendera mvula, choncho kambiranani mutuwu ndi wokuyang'anirani mukadali chaka chachitatu, munda ukhale utapezeka mitambo isanayambe kuda.