Walleye wa mu Maumee anandizunza koma ndamupeza

Masabata awiri athunthu ndakhala ndikubwerera chimanjamanja ku mtsinje wa Maumee kuno ku Ohio, ku America, pomwe anzanga pambali panga akungokoka nsomba. Malichi ndi Epulo ndi nthawi yomwe nsomba zotchedwa walleye zimachoka mu nyanja ya Erie kukwera mtsinje kukaikira mazira pa miyala, ndiye nsomba zilipo ndithu, vuto linali ine.

Ndimaponya jig (mbedza yokhala ndi nyambo yochita kupanga) yolemera, yokhala ndi mtovu kumutu, ikangofika pansi basi yakodwa m'miyala, tsiku lina ndinaduladula zisanu ndi ziwiri mpaka ndinangokhala pansi kumaseka ndekha, madzi ozizira ngati afiriji, zala sizikumvanso.

Mdala wina ndi amene anandionetsa. Mtovu uike wokha pa chingwe chachikulu, kenako swivel (kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana), kenako chingwe china pafupifupi mita imodzi, kumapeto kwake jig yoyandama yokhala ndi kamchira ka pulasitiki. Ndiye mtovu umagunda pansi koma mbedza imayandama pamwamba pang'ono, pomwe nsombazo zili. Kuponya kwake ndi chakumtunda pang'ono, nkusiya madzi aitenge, osathamanga kupota ayi, madzi akazizira chonchi walleye ndi waulesi heavy. Ukamamva "tu tu tu" ndiye kuti mtovu wako uli bwino, ukapanda kumva onjezera kulemera.

Ndinasinthanso nthawi, ndikumafika dzuwa likangotuluka chifukwa maso a walleye amaona bwino kukakhala kamdima. Loweruka ndakoka atatu, mmodzi mbedza inamukola pamsana ndiye ndinamubweza, lamulo limatero. Awiri enawo tadyera nsima.